Khadi Yachitatu M'thumba la Woyimbira

Anthu akandifunsa chifukwa chake sindinakayimbireko mpira ku Blantyre, ndimanamizira bondo. Bodza lenileni. Bondo langa lilibe mlandu, mpaka lero limapalasa njinga.

Ku Karonga ndinapita ngati mphunzitsi, koma mtima wanga unali pa wezulo. Zaka zisanu ndinathamanga m'fumbi la ku Mwenilondo, anthu akunditukwana m'Chinkhonde chomwe sindinkachimva, ine n'kumayankha kuti zikomo. Kenaka kalata inafika: bwana wina wa oyimbira abwera kuchokera ku Mzuzu kudzandiona Loweruka. Akakhutira, ndikwera giredi n'kuyamba kuyimbira matimu akuluakulu. Kabudula ndinamusita mpaka kuwala.

Masiku amenewo khadi ya chipani sinkatsala kunyumba. Popanda iyo sunkalowa mumsika, ngakhale m'basi. Yanga ndinaiika m'thumba la malaya, pamodzi ndi yachikasu ndi yofiira.

Timu ya ku Ngara inabwera ndi wotchinga kumbuyo wina, msodzi wa miyendo ngati minsi. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, anatchera mwendo wosewera wa timu inayo mpaka mwana wa eni ake anauluka. Ndinati mwayi wanga ndi umenewu. Ndinaliza wezulo, n'kuthamanga mokweza mawondo kuti bwana aone, n'kukweza khadi m'mwamba osaiyang'ana.



Msodzi uja anaima njo, n'kupisa dzanja m'kabudula. "Nili nayo, ŵasambizgi!" Anatero m'Chitumbuka, kutanthauza kuti ndili nayo aphunzitsi, n'kutulutsa khadi yake ya chipani, yokulunga bwino m'kapulasitiki. Apo m'pamene ndinayang'ana zomwe zinali m'dzanja langa. Mayo ine!

Tsono tandiuzani. Ayufi, anyamata a chipani aja, ali ndandanda m'mbali mwa bwalo, ndani akanatsegula pakamwa n'kunena kuti pepani, ndatulutsa khadi yolakwika? Mantha anandigwira. Ndinangogwedeza mutu ngati ndachita dala, n'kupita kwa wosewera wina. Goloboyi anatulutsa yake m'chipewa. Ena anathamangira malaya awo pansi pa mtengo wa mango. Wovulala uja, ali chigonere, anakweza yake akubuula. Ayufi ataona kuti mphunzitsi wawaposa changu, anayamba kufunsa oonerera, mzere ndi mzere.

Ndinaona bwana wa ku Mzuzu akupapasa jekete, kenaka thalauzi, kenaka jekete kachiwiri. Anadzuka mwaulemu n'kulowa m'munda wa chinangwa ngati akukataya madzi. Sanabwerenso.

Mpira unapitirira. Msodzi uja, yemwe anayenera kukhala panja, anagoletsa zigoli ziwiri, ndipo pomaliza anandipatsa moni ndi manja awiri. "Yewo chomene, ŵadada."

Patatha miyezi itatu kalata inabwera, ya mizere iwiri: bwana sanathe kuonera mpira wonse chifukwa cha m'mimba, adzatumiza wina. Koma mbiri inali itawanda kale ku Mzuzu kuti ku Karonga kuli woyimbira wofunsa makhadi, ndipo oyesa onse anayamba kudwala ulendo ukayandikira. Apampando a chipani m'dera lathu anandiyamikira pamsonkhano, n'kundikhazika kutsogolo penipeni. Ndinakhalapo ndikumwetulira, koma mumtima ndikulira ngati mwana. Wina ujayo ndinamudikira Loweruka lililonse mpaka imvi zinamera, osabwera.