Dzanja la a Fanny

Ellina musandiuze, ndimamudziwa, taluka naye tsitsi mu kontena imodzi ya saluni ku Dunoon, komboni ya kunja kuno, chibwerereni kuchokera ku Balaka mu 2016. Koma mutu wake, abale inu! Zotsala za meshi ife tikamasesa, iye ankatola n'kumaveka tizidole take ta waya. Akatero ankamangirira foni pa ndowa, kujambula chithunzi, kusuntha kamwendo ka chidole pang'ono, kujambulanso. Zithunzi zikakwana mazanamazana ankazithamangitsa, kachidole kaja n'kuyamba kuyenda. Tsiku loyamba ndinakuwa, "Mayo ine, kali moyo!"

Achemwali ake, a Fanny, sankaseka nawo. Iwo agwira ntchito ya m'nyumba ku Somerset West zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anali atamupezera malo kwa madamu ena. Anapangana kuti filimu yake ikapanda kusankhidwa pa chionetsero cha m'tauni, zidole zipita kumoto, iye akayambe kukolopa.

Filimuyo inali ya Dunoon yemweyu. Patebulo anamanga tinyumba ta zitini, katakisi ka bokosi la machesi, fumbi ndi zinyalala zomwe n'kuziika mwadala. Masabata asanu akusuntha zidole, kunangotsala gawo lomaliza, ndipo Lachitatu ndiye linali tsiku lotumiza.

Loweruka a Fanny anabwera kudzacheza kuchipinda kwa Ellina ife tili ku saluni. Munthu woti akaona fumbi manja amamuyabwa! Anavala magolovesi awo achikasu, kupukuta, kusesa, tinyumba tija n'kutindanda pamzere ngati makapu a madamu. Zidole anazichapa ndithu, n'kuziyanika.

Titalowa, Ellina anangokhala pansi kukamwa yasa. Ine mtima unandipsa.

"A Fanny, mwagumula mudzi!"

"Ndimati ndithandizeko," anatero iwo, mawu ali pansipansi.

Mwadzidzidzi Ellina anayamba kuseka mpaka misozi. Ndinati basi, mutu wasokonekera.

"Achemwali, musavule magolovesiwo," anatero. "Mubwereze zomwe mwachitazi, koma pang'onopang'ono."

Anamanganso mudzi uja, ndipo Lamulungu lonse a Fanny anaima dzanja lili m'malere, kusuntha pang'ono, kuima, kusunthanso. "Iwe, dzanjali liuma!" Ellina osamva, akungojambula.

Filimu ija inasankhidwatu! Tinadzaza takisi azimayi okhaokha, kuimba njira yonse mpaka dalaivala kutiyankhira. Mu holo magetsi atazima, pakhoma panatsika chidzanja chachikasu n'kuyamba kusesa nyumba za anthu, tizidole tikuthawa matilesi ali kumutu. Kuseka kwathu kunathera pomwepo, poti ambiri a ife tinaonapo nyumba ikugwetsedwa. Kumapeto golovesi linavuka, kunatsala dzanja lenileni long'aluka ndi sopo, likudzutsa kanyumba kamodzi. Kenako panabwera zilembo zikuluzikulu: Fanny Matewere.

Anthu anaimirira, m'manja osatha, ife nthungululu ngati paukwati. A Fanny okha anali chikhalire, akutembenuza manja awo pamiyendo.

"Zaka zonsezi manjawa akupukuta nyumba za eni," anandinong'oneza a Fanny, "palibe anawayang'anapo."

Ndinalira, sindibisa. Potuluka anamukoka mng'ono wawo pambali, chipinda chake n'kuyamba achinyoza kaye kuti n'chauve. Kenako anamukonza kolala ya diresi.

"Zokolopa zija usiye, Ellina. Madamuwo afune wina."