Mawu obwereka pa tsiku la misozi

Lachitatu pa nthawi yopuma, mnzanga Tadala anandikokera kuseri kwa kalasi. Maso ake anali ofiira.

"Bambo awasamutsira ku Lilongwe," anatero monong'ona. "Tikunyamuka Loweruka."

Tadala ndi yekhayo amene ndimayenda naye m'mawa kuchokera kwathu ku Lupaso kuno ku Mzuzu, amene amandiyankhulira manyazi akandigwira. Ndinafuna kunena kuti, "Mayo ine, nditsala ndi ndani?" Koma kusukulu kwathu ukamveka ukuyankhula Chichewa kapena Chitumbuka amakupatsa chikwakwa ukatchetche udzu, ndipo pulifekiti anali chapafupi.

Ndiye ndinatola zimene tinaloweza Lolemba. Mlungu uliwonse aphunzitsi a Chingerezi amatipatsa zining'a zatsopano, akuti zimakometsa chimangirizo, komanso zidzatithandiza m'maofesi.

"Every cloud has a silver lining," ndinatero. Akuti tanthauzo lake, vuto lililonse lili ndi kabwino kake.

Tadala anandiyang'anitsitsa. "Iwe, ukundiyankha ngati mayeso? Ukufuna ndikuchonge?" Ananena m'Chichewa, mokweza, osaopa chikwakwa, n'kuchoka.

Mpaka lero sanandiyankhulenso.

Owerenga anga, sindikunyoza zining'a. Achemwali anga amagwira ntchito m'sitolo ina m'tauni, ndipo amati bwana akati "the ball is in your court", uyenera kudziwa kuti akudikira iwe kuti uchitepo kanthu. Ukangoti kakasi, ntchito ingakuthere. Inenso mayeso ndimawaopa. Zining'azi ndimazibwereza ngakhale potsuka mbale.

Koma mwaona mmene timaziphunzirira? Amatiuza tanthauzo, satiuza nthawi yake. Timangoziwaza paliponse kuti timveke ophunzira. Kodi eni ake a chiyankhulochi angamuuze zimenezi munthu misozi isanaume? Sindikudziwa, ndipo palibe amene anatiuzapo.

Paja akulu amati nsalu yobwereka sithetsa usiwa. Ine ndinafunditsa mnzanga yobwerekayo, iye akuzizidwa.

Loweruka ndi mawa. Madzulo ano ndipita kwawo, kumene kulibe pulifekiti. Ndikamuuza kuti "pepa". Ndikamuuzanso kuti "yewo chomene", mawu othokoza a Chitumbuka amene ndinamuphunzitsa ndekha atangofika muno mu Mzuzu. Mwina akangopitiriza kumanga katundu osacheuka.

Inu amene mumatiphunzitsa kuyankhula ngati a mu ofesi, mudzatiphunzitsa liti nthawi yoti tisiye zoloweza n'kungomugwira mnzathu dzanja?