Mabatani Opanda Mayina

Maso anga anasiya kuona ndili Fomu 3. Zinayamba ndi mutu wosatha, kenako zilembo za pabolodi zinayamba kusungunuka, ndipo pofika nyengo yokolola nandolo sindinkathanso kusiyanitsa khomo ndi khoma. Ndinakhala zaka ziwiri kwathu kwa Mpama, ndikutongola chimanga pakhonde ndi kumva anthu akundinena pafupi pomwepo ngati kuti makutu anapita limodzi ndi maso. Pambuyo pake a kutchalitchi anandipezera malo kusukulu ina ya anthu osaona, ndipo kumeneko ndinaphunzira kompyuta.

Kompyuta ya munthu wosaona imayankhula. Amaikamo pulogalamu yomwe imawerenga mokweza chilichonse chimene chili pasikirini, ndipo iwe umayenda ndi makiyi okhaokha, mausi osaigwira. Liwu lake ndi lachingerezi, louma, lothamanga moti munthu wongofika sangatolepo kanthu. Ine ndinalizolowera mpaka ndinkalimva ngati mnzanga wolongolola. Mphunzitsi wathu, bambo wosaona ngati ife, anandiphunzitsanso pulogalamu ina yokonzera mawu ojambulidwa: kudula, kulumikiza, kukweza liwu limene latsika. Ankati ntchito imeneyi ndi ya makutu, ndipo oona amangoichedwetsa ndi kuyang'ana.

Nditamaliza ndinapita kukakhala kwa achemwali anga pa Njuli. Amuna awo, alamu anga, anali ndi situdiyo, kachipinda kogundana ndi nyumba yathu, kuseri kwa shopu yawo yometera. M'makoma anakhomamo mathireyi a mazira ndi mabulangete akale. Ankajambula makwaya, anyamata oimba, ndi mauthenga a malonda oulutsa pa sipika tsiku la msika. Kujambulako ankakukonda, chifukwa kunali anthu owaonera, koma kukhala pansi n'kukonza nyimbo kunkawatopetsa. Nditawapempha kuti ndiyeseko anaseka, n'kundilola kuika pulogalamu yanga yoyankhula ija pamodzi ndi yokonzera mawu imene ndinaizolowera.

Pa Njuli si malo a bata. M'nyimbo iliyonse munkalowa belu la kabaza, tambala, kapena chigayo cha pafupi chikamadzuka. Ndinkavala mahedifoni, n'kumayenda m'nyimbomo pang'onopang'ono ndi makiyi, ndikapeza chifuwa cha munthu ndinkachidula mwaukhondo, n'kulumikiza mbali ziwirizo moti woimba mwiniwake sankadziwa pamene ndadutsa. Chinthu chilichonse m'pulogalamu imeneyo chinali ndi dzina, ndipo liwu lija linkandiuza pamene ndaima. Zaka ziwiri zimene ndinagwira ntchitoyo ndinkadzuka m'mawa ndikudziwa kumene ndikupita. Sindinena zambiri za chimwemwe chimenecho, chifukwa chimandipwetekabe.

Makwaya anayamba kufika pakhomo n'kumafunsa za ine. Alamu akawayankha kuti eni situdiyo ndi iwo, anthuwo ankavomera mwaulemu, kenako n'kufunsanso ngati mtsikana uja alipo.

Kunabwera kwaya ya amayi ochokera ku Magomero. Mtsogoleri wawo anali mayi wachikulire wa liwu lotsika, lokandapala ngati la mwamuna, ndipo nyimbo zina zinali za Chilomwe zimene anati agogo awo anabwera nazo kuchokera ku Mozambique. Anajambula nyimbo zisanu ndi zitatu tsiku limodzi. Potsanzika, mayiwo anaika dzanja paphewa langa n'kuuza alamu, anthu onse akumva, kuti nyimbo zawo asazikhudze wina aliyense koma ine. Alamu anaseka kwambiri. Munthu wosaona amadziwa mitundu ya kuseka, ndipo kumeneku sikunali kwabwino, koma ndinangokulola kudutsa.

Ndinagwira ntchitoyo masiku asanu ndi anayi. Lachisanu ndinaperekeza achemwali ku maliro a kumudzi, ndipo Loweruka m'mawa amayi aja anafika kudzamvera nyimbo zawo. Anadzaza kachipinda kaja, fungo la sopo ndi fumbi la m'njira lili thoo. Mtsogoleri wawo anaima kumbuyo kwanga, dzanja lake paphewa langa. Alamu anati mahedifoni ndiasiye, mawu atulukire pa sipika kuti alendo aone mmene ndimagwirira ntchito.

Ndinadina makiyi amene zala zanga zinkawadziwa ngakhale ndili m'tulo. Palibe chinachitika. Ndinadinanso. Liwu lija linatchula dzina la pulogalamu imene sindinaimvepo. Ndinayamba kuyenda nalo kufunafuna pamene ndili, koma paliponse linkangoti batani. Batani, batani, batani. Silinkanena kuti ndi batani loyimbira nyimbo, losungira kapena lofufutira. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti m'pulogalamu yatsopanoyo zonse zinali zithunzi zojambulidwa bwino, ndipo amene anaipanga sanalembe mayina kuseri kwake, choncho liwulo linalibe choti liwerenge. Zinali ngati wina walowa m'nyumba yanga n'kusuntha makomo onse.

Mayi wina anaseka chapansipansi. Wina anafunsa ngati makinawo akudwala chibwibwi.

Ndinapempha alamu monong'ona kuti anditsekulire pulogalamu yakale ija. Iwo anayankha mokweza kuti anaichotsa dzulo, chifukwa inali ya ophunzira, ndipo situdiyo ikukula. Anati ndisadandaule, andithandiza ndi maso awo. Anandiuza kuti ndidine kiyi yoyendera kanayi, kenako ndivomereze. Ndinatero. Anati ndivomerezenso kachiwiri. Ndinatero.

Kenako ndinamva mpando wa alamu ukukhwekhwereza pansi, iwo n'kundifunsa mokweza.

"Alamu, mwatani kodi? Ndinati katatu. Mwafufuta zonse."

Ndinawayankha kuti ananena kanayi. Iwo sanakangane nane, anangopuma mozama ngati munthu wopirira. Amayi aja anayamba kuyankhula onse pakamodzi, wina za mtunda umene ayenda, wina za masabata amene anaphunzira nyimbozo akusiya minda. Mmodzi ananena m'Chilomwe, poganiza kuti sindimva, kuti anthu anachita kupenga kupatsa wakhungu mpeni. Dzanja la mtsogoleri wawo linangochoka paphewa langa.

Alamu anawaperekeza mpaka kumsewu, akuwalonjeza kuti ayesetsa ndi nzeru zawo zonse. Atabwerera, ine ndinagwada pansi pa simenti n'kuwapepesa. Ndimakumbukira bwino kuti ndinagwira mwendo wa thalauza lawo. Anandidzutsa mokoma mtima, n'kunena kuti si vuto langa, makina amakono amafuna maso, ndipo ndiyambe ndapuma kaye.

Masana a tsiku lomwelo ndinkachapa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khoma la situdiyo. Ola linali lisanakwane chichokereni amayi aja. Ndinamva liwu lotsika lija likuyamba nyimbo ya Chilomwe, amayi ena n'kuvomera. Ndinasiya chovala m'beseni. Nyimbo inatha, inayamba yachiwiri, kenako yachitatu, zonse zili bwinobwino monga ndinazisiyira, ndipo alamu ankaimba mluzu motsatira. Palibe chimene chinafufutika. Mpaka lero sindidziwa kuti batani limene anandidinitsa lija linali la chiyani.

Alamu anadikira sabata yathunthu asanawaimbire foni amayiwo. Ndinawamva akufotokoza kuti anavutika masiku onsewo kutola nyimbozo chidutswachidutswa m'mimba mwa kompyuta. Amayiwo anabwera ndi nkhuku ndi nthochi, ndipo anaimba nyimbo yothokoza pabwalo. Ine alamu anandiuza kuti ndikhale m'nyumba kuti ndisawakumbutse zowawa.

Ndinawauza achemwali zonse tikusankha nyemba. Sanadabwe. Anapitiriza kusankha, nyemba zikugwera m'lichero imodziimodzi, ndipo patapita nthawi anati mwamuna akamachititsidwa manyazi pantchito yake, nyumba yonse imadwala. Anati ndinayamba kukula mutu, ndipo anthu ankawaseka amuna awo pamsika kuti akudyera mlamu wosaona. Ndinawafunsa ngati ankazidziwa kale zimenezi Lachisanu lija pamene ankandikoka kuti tipite ku maliro.

"Iwe uli ndi ana angati?" anandifunsa. "Ine ndili nawo atatu, ndipo bambo wawo ndi amene aja."

Ndinaimbira foni mphunzitsi wanga uja. Anati mapulogalamu ena munthu ungathe kuwalembera wekha mayina a mabatani ngati woona atakhala nawe tsiku limodzi, koma ena sangatheke n'komwe. Anati yakale ija ndi yaulere, ndipo kuibwezeretsa n'kwa mphindi zochepa, ziwirizo zingathe kukhala m'kompyuta imodzi osalimbana. Ndinapita nazo kwa alamu mwaulemu wonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti kompyuta ndi yawo. Pofuna kuti ndisamangokhala, anandiikira mpando pakhomo la shopu kuti ndizilandira anthu. Akabwera makasitomala ofuna kusangalatsidwa, ankatsanzira liwu la kompyuta lija m'mphuno, batani, batani, ndipo ankayembekezera kuti nanenso ndiseke. Masiku ena ndinkaseka.

Patapita miyezi ingapo ndinadwala malungo n'kupita kuchipatala cha pafupi. Ndili pabenchi, ndinamva liwu lotsika lija likufunsa amene ali womaliza pamzere. Ndinawapatsa moni, iwo n'kundizindikira, n'kukhala pambali panga. Anati nyimbo zawo zikumveka m'maukwati mpaka ku Namadzi, ndipo anandikhululukira kalekale. Mzere unali wautali. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira Lachisanu lija mpaka zimene ndinamva kuseri kwa khoma, osakweza mawu, osalira. Anamvetsera osandidula.

Nditamaliza anagwira dzanja langa m'manja awo onse awiri, ouma ndi khasu.

"Mwana wanga, Mulungu anakumana maso, koma usalole kuti akumanenso mtima woyamika. Bambo amene uja akukusunga, akukudyetsa, anabisa manyazi ako. Nsanje ndi matenda oipa kuposa amene wabwera nawo kunowa."

Anandiuza kuti kwawo kuli mayi wina wosaona amene amaluka mikeka yokongola kwambiri, ndipo angathe kundilumikiza naye, chifukwa munthu ayenera kudziwa ntchito yomuyenera. Ndinawathokoza. Namwino ataitana, mayiwo anandigwira mkono n'kundilowetsa patsogolo pawo, akuuza onse a pamzere kuti andilole chifukwa ndine wovutika.

Sabata yotsatira ndinalongedza zovala zanga m'chikwama, n'kukwera kabaza kubwerera kwa Mpama. Achemwali anandipatsa shuga ndi sopo kuti ndikapatse mayi. Alamu anatuluka m'shopu makina ometera akulirabe m'manja, n'kuuza wa kabazayo kuti ayende nane pang'onopang'ono pa mabampu.