Nthungululu Pakati pa Nyimbo

Azakhali, dzulo gulu lathu linaimba mu holo ina ku Wembley. Inali nyimbo yomwe ija ya zigawo zinayi, yopekedwa ndi Mjeremani wina amene anamwalira kalekale. Chigawo choyamba chitatha, holo yonse inangoti zii, poti mwambo wake suombera m'manja nyimbo isanathe yonse. Ndinatsitsa vayolini yanga, khutu lili tcheru kudikira mawu anu.

Mukukumbukira konsati yanga yoyamba m'tchalitchi chija cha ku Tottenham, pomwe tinaimba nyimbo yomweyi? Munachokera ku shifiti kosamalira okalamba, yunifomu mutaibisa m'chijasi. Pa chete pomwepo inu munadzambatuka n'kuimba nthungululu, mpaka wotsogolera nyimbo anacheuka, kandodo kake kali m'malere. Tili mu basi ndinakunong'onezani kuti, "Azakhali, kuno timadikira mpaka kumapeto." Munandiyang'ana n'kuti, "Iwe Tadala, mwana wa mchimwene wanga waliza chinthu chija bwino chonchija, ine ndikhale duu ngati ndili pa maliro? Wakuuza ndani kuti kumapetoko ndidzakhalapo?"

Tinaseka mpaka potsikira. Sindinkadziwa kuti matenda anali atayamba kale kukudyani, ndipo tsiku limene ananditenga m'gulu lalikululi n'kuti titakuperekezani kale kumudzi. Dzulo anthu anaomba m'manja pa nthawi yake, mwaulemu ndithu, palibe anaphwanya mwambo. Gonani, Azakhali. Chete uja sindinamuzolowerebe.