Tepi ya a Rafaelo

A Rafaelo Kamwendo akhala akuwotcherera zitsulo pa Chimbiya kuyambira ine ndili mtsikana. Mafelemu a zitseko, ngolo, mbaula, zonsezi m'dera lino zinadutsa m'manja mwawo. Ine ndimagulitsa kachewere moyang'anizana ndi shedi yawo, ndiye zambiri ndinaziona ndi maso angawa. Ndi munthu wosalankhulalankhula, woti chinthu amachiyeza kawiri asanadule.

Akazi awo, a Jesinta, anadwala sitiroko chaka chatha. Mbali yakumanja inafa, mawu ankatuluka movutikira, ndipo kukhala tsonga nthawi yaitali sankatha. Mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Chitipa. Anali ndi pakati povuta, moti achipatala anamuletsa kuyenda ulendo wautali. A Jesinta ankangolira kuti akufuna akamuone mwana wawoyo asanabereke. Koma munthu wosatha kukhala pampando angakwere bwanji basi mpaka ku Chitipa?

Pagalaja ina ku Dedza panali kanyumba kokweza pagalimoto, komwe azungu oyendera malo anakasiya galimoto yawo itafa. Denga linkadontha, m'kati munkanunkha nkhungu. A Rafaelo anakagula kuti akaike papikapu yawo yonyamulira zitsulo, a Jesinta ayende chogona.

Ntchito inatenga miyezi iwiri. Amuna asanu ndi atatu anakakweza kanyumbako ndi matabwa ndi migolo, pikapu n'kuphwathalala kumbuyo ngati bakha. A Rafaelo anawonjezera masipuling'i, n'kumanga kanyumbako ndi mabawuti. Anamata denga, anachotsa sitovu, anakulitsa chitseko kuti munthu azilowa atanyamulidwa. Ife ogulitsa m'mbali mwa msewu tinkawaseka kuti asanduka nkhono, yoyenda ndi nyumba kumsana. Iwo ankangomwetulira n'kutsitsa magalasi awo akuda.

Chinatsala ndi bedi. La azungu lija linali m'mwamba, pamutu pa dalaivala, koti wodwala sangafikeko. Panafunika lina lapansi, koma malo anali ochepa. A Rafaelo, mwachizolowezi chawo, anatenga tepi n'kupita kunyumba. Anapeza akazi awo atagona pamphasa pakhonde, akuwothera dzuwa. Anagwada n'kutambasula tepi kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Pomwepo a Elena, akulu awo a Jesinta, omwe anabwera kuchokera ku Mayani kudzazonda matenda, anatulukira ndi beseni la zovala.

"Alamu, mukuchita chiyani?"

"Ndikuyeza za bedi lija."

"Munthu wamoyo amayezedwa chogona? Ndiye bokosilo mwaliyamba kale, eti?"

Kwathu kuno munthu amayezedwa chogona kamodzi kokha, ndipo mwiniwakeyo sadziwa. A Rafaelo ankazidziwa zimenezi, koma mutu wawo unali pa mainchesi. Pofika madzulo Chimbiya yense anali atamva kuti bambo aja akonza galimoto ya maliro akazi awo akadali moyo.

Patapita masiku atatu kunabwera alongo awo a Jesinta, a Dennis, pamodzi ndi ankhoswe. Ananena kuti wodwala akupita kwawo ku Mayani, akamusamale abale ake. Ndinapsa mtima, sindibisa. Miyezi yonse ija a Rafaelo ankawasambitsa akazi awo, kuwadyetsa phala ndi supuni, abalewa anali kuti? Koma nanenso za tepi zija zinandiopsa, ndipo za m'banja la eni munthu wapadera salowerera.

A Rafaelo sanakangane. Anangopempha chinthu chimodzi. "Ngati mukuwatenga, agonekeni muno. Matiresi ndi atsopano. Ndikakutulani ndekha."

"Mlongo wanga salowa m'menemo akupuma," anatero a Dennis.

Anaimitsa matola yodzaza matumba a feteleza. A Jesinta anawagoneka pamphasa pakati pa matumbawo, a Elena atawagwira mutu. Wodwalayo ankayesa kulankhula koma mawu ankakana, ndipo palibe anawerama kuti amve. Msewu wa ku Mayani ndimaudziwa mabampu ake. Ndinalira pamaso pa makasitomala.

Mwana wawo wa ku Chitipa uja anachira mwezi watha, kamnyamata. Kanyumba kaja kali kuseri kwa shedi, bedi lake anamaliza. A Rafaelo amapita ku Mayani Lamulungu lililonse, koma panjinga, chifukwa pikapuyo anailetsa kufika m'mudzi. Amawalola kukhala pakhonde ola limodzi, a Elena ali pomwepo.

Lolemba lapitali anabwera pamulu wanga wa kachewere, osagula kanthu, n'kungoima.

"Ali bwanji amayi?" ndinawafunsa.

"Dzulo analankhula. Anandigwira malaya n'kufunsa kuti tinyamuka liti."

"Munawayankha chiyani?"

"Ndinati ndikudikira matayala." Anapukuta manja pa ovolosi, ngakhale kuti anali asanagwire chitsulo tsiku limenelo. "Lamulungu likubwerali sindikudziwa kuti ndikawanamiza chiyani."