Rosemène Asamutsa Kampando Kake

Rosemène waluka tsitsi la amayi a m'tauni ya Jérémie zaka makumi atatu. Mkazi ukamugwira mutu, pakamwa pamatseguka pokha, ndiye za m'mabanja amazidziwa kuposa wansembe. Namondwe atasasula madenga, anthu n'kukaunjikana m'matenti pabwalo la mpira, iye anapulumutsa chipeso ndi kampando basi, n'kumalukira pansi pa mtengo wa mango wothyoka.

Kenaka kunabwera a bungwe, mtima wabwino, nzeru pang'ono. Anakhoma tenti yoyera n'kupachikapo chikwangwani cha zilembo zazikulu ngati ng'ombe: MALO A AMAYI OCHITIRIDWA NKHANZA. Anaikhoma pati? Moyang'anizana ndi tebulo la masewera a domino, pomwe amuna amaswera tsiku lonse, ogonja atapanidwa masaya ndi zopanira zovala. Namwino wa mmenemo, Mis Nadège, anatha sabata ziwiri akuingitsa ntchentche.

"Amayi a kuno alibe mavuto," anatero mkulu wa bungwelo. "Palibe wabwera."

"Abwana, sukulu yonse ija munapitira kukapusa?" anafunsa Rosemène. "Inuyo mungalowe mmenemo apongozi anu akuonerera?"

Abwana anati chikwangwani sichingachoke, opereka thandizo amafuna chizioneka pachithunzi.

Lachiwiri lina panakhala Guerline pakampando, kamtsikana ka ana awiri. Rosemène atangogawa tsitsi anapeza bala kuseri kwa khutu, lotupa, likuchucha mafinya.

"Ichi n'chiyani, mwanawe?"

"Mtengo wa tenti, amayi."

"Mtengo wa tenti wovala nsapato uja, dzina lake Fritznel, mwamuna wakoyo? Wakumenyeranji?"

"Ndinakaniza khadi lolandirira mpunga. Amafuna akasinthitse ndi kachasu."

"Nyamuka, tiye kwa namwino."

"Ali patebulo paja. Akandiona ndikulowa, andimaliza."

Rosemène anatukwana bungwe, anatukwana namondwe, anatukwana ndi domino yemwe. Atatopa ananyamula kampando kake, n'kukakakhazika m'kati mwa tenti yoyera ija, Mis Nadège ali kukamwa yasa. Anaima pakhomo n'kukuwa:

"Dzuwa landikwana ine! Wofuna kuluka andipeze muno, lero n'zaulere!"

Zaulere? Anakhamukira onse. Akazi a abusa, ogulitsa makala, ngakhale nkhalamba za tsitsi lowerengeka.

"Nonsenu mwamenyedwa lero?" anakuwa Dieufort, mmodzi wa amuna a patebulo la domino paja.

"Chotsa kaye zili kumasayazo, ukuoneka ngati chingwe choyanikira makabudula!" anamubwezera Rosemène. Anzake anaseka mpaka kugwetsa domino, ndipo palibe anawerenganso olowa.

Guerline analowa wachisanu ndi chiwiri, mutu uli woluka theka. Kuseri kwa nsalu Mis Nadège anatsuka bala, n'kumufunsa monong'ona ngati ali ndi kothawira. Anati ku Beaumont kuli azakhali ake. Lachinayi masana, galimoto yobweretsa madzi inabwerera itamunyamula iye ndi ana ake, khadi lili m'kamisolo.

Rosemène zala zinamutupa masiku atatu, ndipo palibe wa bungwe anati zikomo. Amene anabwera ndi Fritznel, maso ali psuu.

"Mkazi wanga ali kuti, amayi inu?"

Rosemène sanadzutse n'komwe mutu, anali pakati pa mzere.

"Ine ndimagwira mitu, bambo. Komwe miyendo yapita sindikudziwa. Suntha apo, ukunditchingira kuwala."