Dzina la pa Mtanda

Ndinabwera ku Mzuzu kudzagwira ntchito kubanki, kenaka ndinaphunzira zamalamulo n'kutsegula kaofesi ka uloya m'tauni. Chipani chitandiika kukhala phungu wa nyumba ya malamulo, ndinayamba kuyenda ngati pansi pano ndinagula ndine. Sindibisa, ndinali munthu wodzimva.

Kumaliro ndinkapita ndithu, koma mwa chibwana. Galimoto ikaima, wina ankathamangira mpando, wina n'kundipatsa kapepala kolembapo dzina la malemu. Ndikalankhula mawu anga opepesa, ndinkanyamuka bokosi lisanatuluke n'komwe.

Kenaka kunabwera za matipate. Pa referendamu anthu a mumzindawu anasankha nyali, tambala wakuda n'kumusiya, ndipo pa chisankho chotsatira mpando wanga unapita. Amene ankandigwadira anayamba kuwoloka msewu akandiona. Mayi a kunyumba anati akaone odwala kwathu ku Mulanje, ndipo miyezi inangopita osabwerako. Kuofesi ndinkakhala ndekha, kumvera mvula yowaza ija pamalata mpaka nthawi yowerukira. Ndinasungulumwa koopsa. Ndinkafuna munthu mmodzi yekha woti andiwerengere ngati mnansi wake, apo ayi nanenso ndilongedze.

Tsiku lina m'mawa ndinamva kulira kuseri kwa mpanda wanga ku Katoto. Anali atamwalira bambo wina wopala matabwa, amene tinayandikana nyumba zaka khumi ndi ziwiri. Ndinavala jekete n'kupita wapansi.

Palibe anathamangira mpando. Ndinaima pakati pa bwalo ngati mlendo wosochera, mpaka ndinadzipanikiza pa benchi ya azibambo. Masana woyendetsa mwambo anati, “Sono tipulike mazgu kufuma kwa aphungu ŵithu,” kutanthauza kuti aphungu alankhule. Miyendo yanga inadzuka yokha. Nditakweza maso ndinaona phungu watsopano ataima kale kutsogolo, akukonza tayi. Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje, ndipo sikunali kulira.

Wina anandikoka jekete. Anali mkulu wina wachisilamu wa ku Mangochi, mwini golosale ya pakona.

“Khalani pansi, achimwene,” anatero. “Zimachitika.”

Ndinakhala, makutu akutentha. Ndinafuna kuthawa, koma mkuluyo sanasiye jekete langa msanga.

Bokosi lili pafupi kutuluka, mchimwene wa malemu anabwera atanyamula mtanda wa matabwa, kachitini ka penti ndi kaburashi. Anagwada pang'ono patsogolo panga.

“Adada, imwe ndimwe ŵakusambira, sukulu munapita nayo patali, dzanja lanu ndi labwino chomene. Tilembereniko dzina la m'bale wathu. Munali naye pafupi.”

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, pamaliro pomwepo. Anthu aja anali atandipatsa ntchito, ntchito ya mnansi. Ndinaika mtanda pamaondo, n'kuviika burashi mu penti. Ndipo dzanja linaima m'malere.

Sindinkalidziwa dzina lake. Munthuyo anandikonzerapo chitseko kawiri, ankandipatsa moni m'mawa uliwonse pa mpanda, ine n'kumangoti “a kalipentala”. Penti inadontha pa nsapato yanga. Mchimwene uja ankadikira, azibambo onse pa benchi akuyang'ana burashi.

Ndakhalapo pamaso pa oweruza aukali, koma sindinachitepo mantha ngati tsiku limenelo. Ndinatembenukira kwa mkulu wa golosale uja. Iye anandiyang'ana kanthawi, ndipo ndinaona kuti wazindikira. Anawerama ngati akufuna kundigwirira mtanda kuti usagwedezeke, n'kundinong'oneza dzinalo, mawu amodzi amodzi, ine ndikulemba.

Nditamaliza, mchimwene wa malemu anayang'ana zilembozo nati, “Yewo chomene, adada. Akanakondwa kuti mwalemba ndinu. Ankakunyadirani, ankati loya uja ndi mnzanga.”